Kodi Cikondwerero ca pa Mapeto Nca Yani?

Pa ziwiya zonse zimene zinalowa m'dziko lino kucokera kunja, palibe cina cimene anthu a kum'mawa kwa Zambia anacilandira ndi manja awiri monga njinga. M'boma la Chadiza, m'midzi ya Mfumu Mlolo, Mfumu Mwangala ndi Mfumu Zingalume, njinga ndiyo ngolo ya mlimi ndi miyendo ya mphunzitsi. Isenza matumba a cimanga ndi nsawa, thonje, makala, ndi mbuzi yomangidwa pambuyo. Ndipo pakati pa usiku itengera mai wapakati ku cipatala. Sicinali cozizwitsa kuti pa masiku a Pulezidenti Kenneth Kaunda fakitale ya njinga, ya Luangwa Industries, inamangidwa ku Chipata komwe. Cotero ife sitisowa munthu wotiuza kuwawa kwa citunda, kapena kulemera kwa miyendo pamene mphepo ya mu July iomba kumaso.

Koma ku maiko ena kuli anthu amene nchito yao ya tsiku ndi tsiku ndiyo kupikisana pa njinga, nadya za thukuta limenelo monga mlimi adya za khasu lace. Mpikisano wao woposa yonse ucitika m'dziko la France, ndipo dzina lace ndi Tour de France. Unayamba m'caka ca 1903, pamene eni nyuzipepala ya L'Auto, mkonzi wao ali Henri Desgrange, anafuna njira yocurukitsira ogula nyuzi yao. Caka cimeneco ananyamuka anthu 60, nafika 21 okha. Masiku ano ulendowo ugawidwa m'ndime 21, ndime imodzi pa tsiku, ndi masiku 2 akupumula. Utali wace wonse uposa makilomita 3,000, ndiko kunena ngati munthu ayenda mtunda wa pakati pa Chipata ndi Lusaka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ndipo m'njiramo akwera mapiri a Alps ndi a Pyrenees. Akaphatikiza nthawi za ndime zonse, iye amene nthawi yace yacepa koposa ndiye wopambana, ndipo cizindikiro cace ndi malaya acikasu.

Cimene tifuna kulingalira pano ndico tsiku lotsiriza. Kuyambira 1975 mwambo wace ndi kutsirizira m'mzinda wa Paris, pa mseu waukuru wa Champs-Élysées; m'caka ca 2024 mokha anatsirizira ku Nice, popeza Paris inali kukonzekera masewera a Olympics. Poyamba ulendo wa tsikulo opikisanawo apalasa pang'onopang'ono, nacezerana. Iwo amene dzulo anali kulimbana pa phiri aseka pamodzi. Zaka zambiri palibe wina aputa mwini malaya acikasu pa tsikulo. Iye ndi anzace a gulu lace afola mzere umodzi atagwirana m'mapewa, natukula zikho za vinyo ali pa njinga pomwepo. Akalowa mu Paris liwiro libwerera, ndipo aliwiro alimbirana ndime yotsiriza. Koma atapyola mzere wa mapeto, taonani: wina anyamula mwana wace, wina akhala pansi pa mseu nalira, wina akumbatira makaniko wodetsedwa ndi mafuta. Ndipo wa nambala 100 akondwera monga wa nambala 1.

Munthu wolingalira angafunse kuti, Kodi cikondwerero cimeneci nca yani? Wapambana ndi mmodzi; nanga enawo abvinira ciani? Kodi si kudzinyenga kumeneko? Funso ili si la njinga zokha, pakuti tonsefe tiri nayo maulendo atali amene mapeto ace afika. Yankho lathu ndi ili: cikondwerero ciri conse ndi umboni. Pamene munthu abvina pa mapeto a nchito, ali kuuza oona kuti, Ulendo uwu unayendedwa motere, ndipo anauyenda ndi awa. Umboni ukhoza kukhala woona, ukhozanso kukhala wonama. Ndipo cikondwerero coyenera ndico conena zoona. Tiyeni tiyese mau awa pa anthu atatu: wopambana, wotsiriza, ndi wonyenga.

Wopambana

Yense amene anapalasapo njinga pambuyo pa mnzace tsiku la mphepo adziwa kuti wotsogola ndiye abvutika. Wotsogola ang'amba mphepo, wotsata nayenda m'mpata wong'ambidwa kale. Pa liwiro la mpikisano, wotsata pafupi asunga pafupifupi cigawo cimodzi mwa zitatu ca mphamvu zace, ndipo wobisala pakati pa khamu asunga zoposa pamenepo. Cifukwa cace mu Tour de France munthu sapikisana yekha. Gulu liri lonse liri nao anthu 8. Mmodzi ndiye mtsogoleri, ndipo ambiri mwa otsalawo awachula domestique, ndilo liu la Cifalansa lotanthauza wanchito wa pa nyumba. Iwo achinga mtsogoleri ku mphepo tsiku lonse. Abwerera ku galimoto ya gulu kukatenga madzi ndi cakudya, napalasanso kolimba kuti ampeze. Akafika pa phiri lotsiriza mphamvu zao zatha, napatuka mmodzi mmodzi. Pamenepo mtsogoleri, amene miyendo yace yasungidwa kufikira nthawiyo, apita yekha kukalandira ulemu.

M'caka ca 1934 munali mnyamata wa zaka 20, dzina lace René Vietto, amene anakwera mapiri koposa onse. Mtsogoleri wa gulu lace anali Antonin Magne, wobvala malaya acikasu. Potsika phiri lina la Pyrenees, Magne anagwa, gudumu lace la kutsogolo nilithyoka. Vietto anacotsa lace nampatsa, nakhala pa mpanda wa miyala pambali pa mseu, ali kulira, kudikira galimoto ya gulu. M'mawa mwace njinga ya Magne inaonongekanso. Vietto anali patsogolo. Koma atamva, anatembenuka, nakweranso phiri limene anali atatsika, napereka njinga yace yonse. Magne anapambana mpikisano wa caka cimeneco, Vietto nakhala wacisanu, ndipo kufikira anapuma nchito sanapambanepo Tour de France. Tsono m'buku mulembedwa dzina limodzi. Koma ndani angalimbe mtima kunena kuti malaya acikasu a 1934 anali a Magne yekha?

Poyamba Desgrange anafuna kuti munthu acite zonse yekha, naika lamulo lakuti wopikisana asalandire thandizo pokonza njinga yace. M'caka ca 1913 foloko ya njinga ya Eugène Christophe inathyoka potsika phiri la Tourmalet. Iye anasenza njingayo pa phewa, nayenda pansi makilomita 10 kapena kuposa, kufikira mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan kumene kunali wosula. Analumikiza folokoyo ndi manja ace, akapitao a mpikisano ali kumuyang'anira. Koma manja ace onse awiri anali pa nyundo ndi pa citsulo, ndipo kamnyamata kena kanambvukutira moto. Cifukwa ca ico akapitaowo anamuonjezera mphindi za cilango pamwamba pa maola amene anataya. Osula athu a kumudzi akadaseka lamulo lotere, popeza adziwa kuti khasu silisulidwa popanda wina pa mvukuto. Lamulolo linafuna kusonyeza munthu wosasowa mnzace. Koma munthu wotere kulibe, ndipo pambuyo pace lamulolo linacotsedwa.

Opikisana okha acidziwa ici. Mphotho ya wopambana pa zaka zino yakhala mayuro 500,000. Koma mwambo wao ngwakuti ndalamazo aziika pamodzi, nazigawira anzace a gulu ndi anchito a kumbuyo, ndiwo amakaniko ndi osamalira matupi ao. Kugwirana m'mapewa kuja pa tsiku lotsiriza si cisangalalo cabe ai. Ndiko kubvomera ngongole pamaso pa dziko. Akuru athu ananena kuti, Ukakwera pa msana pa njobvu usamati pansi palibe mame. Wopambana amene afika wouma akumbukire kuti alipo wina amene ananyowa.

Wina angati, Koma anchitowo alandira malipiro ao. Ngongole icokeranso kuti? Ncoona kuti alipidwa. Koma malipiro agula maola a munthu, sagula mtima wace. Palibe ndalama imene ikadatembenuza Vietto pa phiri paja ngati mtima wace ukadakana. Akadatha kupitirira, nanena madzulo kuti sanamve. Cimene munthu apereka pamwamba pa malipiro ace sicibwezedwa ndi ndalama, koma ndi kuchula dzina lace ndi kumkhazika pa phwando.

Ndipo ngongoleyo ifika kutali kuposa gulu. Pa 1 July 2024, mu mzinda wa Turin, Biniam Girmay wa ku Eritrea anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Afrika kupambana ndime ya Tour de France. Anapambana ndime 3 caka cimeneco, natenga malaya obiriwira. Anthu a ku Asmara anadzaza miseu ndi kubvina. Kodi anabvinira ciani, iwo osapalasako? Anali nako kuyenera, pakuti mnyamatayo anakulira m'mzinda wokonda njinga, napikisana ndi ana ao, ndipo Daniel Teklehaimanot wa kwao komweko anali atamlambulira njira mu 2015, pamene anabvala malaya a wokwera mapiri masiku angapo. Mwana akapambana, mudzi umene unamlera sunama pakubvina.

Wotsiriza

Nanga iye wofika pambuyo pa onse? Afalansa amchula lanterne rouge, ndiko kuti nyali yofiira, potengera nyali imene inkapacikidwa pa ngolo yotsiriza ya sitima ya pamtunda, kuti woyang'anira njanji adziwe kuti palibe ngolo yaduka m'njira. Dzinali si cipongwe. Tizindikire kuti mu mpikisanowu munthu sangangozengereza. Ndime iri yonse iri nayo malire a nthawi, ndipo wocedwa kupyola malirewo acotsedwa. Cotero wotsiriza wa ku Paris ndi munthu amene analimbana ndi malirewo masiku 21, kawiri kawiri ali wodwala kapena wobvulala, osagonja.

M'caka ca 2018 Lawson Craddock wa ku America anagwa pa ndime yoyamba yomwe, pfupa la phewa lace niling'aluka. Akadatha kukwera galimoto, ndipo palibe akadamdzudzula. Koma anapalasa ndime zonse 20 zotsala ndi phewa limenelo. Ananyamuka anthu 176, nafika 145, ndipo iye anali wa nambala 145, maola oposa 4 pambuyo pa wopambana, Geraint Thomas. Wim Vansevenant wa ku Belgium anakhala wotsiriza zaka zitatu zotsatana, 2006, 2007 ndi 2008, si cifukwa ca ulesi ai, koma popeza nchito yace inali kuthera mphamvu zace pa atsogoleri a gulu lace. Pamene anthu otere akondwera pa Champs-Élysées, umboni wao ngwotani? Sanena kuti, Ndapambana. Anena kuti, Ndafika, ndipo mtunda wonse ndauyenda ndi miyendo yanga. Mau amenewo ngoona, ndipo cifukwa cace cikondwerero cao ncoyera.

Koma ticenjere, tingaphonye mbali yina. Sitinena kuti woyamba ndi wotsiriza ali cimodzimodzi, kapena kuti kupambana kulibe tanthauzo. Mphatso za anthu zisiyana; wina anabadwa ndi cifuwa ca mapiri, wina ai; ndipo ndi bwino kulemekeza iye amene anacita koposa. Wotsiriza akadzayamba kunena kuti, Ine ndi wopambana tiri pamodzi, pamenepo nayenso wayamba kunama. Ulemu wace uli m'kukondwera ndi cimene anacitadi, osacikuza, osacicepsa, ndi kuombera m'manja mnzace amene anamposa. Nsanje ndi kudzitama ndi ana a mimba imodzi: onse awiri akana kunena zoona za ulendo.

Wonyenga

Munthu wacitatu ndiye amene cikondwerero cace cioneka cokongola koposa, koma m'kati mulibe kanthu. Cinyengo cinalowa mu mpikisanowu uli wakhanda. M'caka ca 1904 opikisana ena anawaneneza kuti anakwera sitima kapena galimoto usiku. Ndipo patapita miyezi anthu 4 oyamba, pamodzi ndi Maurice Garin amene anapambananso 1903, anacotsedwa, cigonjetso nicipatsidwa kwa Henri Cornet, mnyamata wa zaka 19 amene anafika wacisanu. Pa masiku athu, Lance Armstrong wa ku America anaima pa nsanja ya ku Paris zaka 7 zotsatana, kuyambira 1999 kufikira 2005. Mu 2012 analandidwa zigonjetso zonsezo, atapezeka kuti anagwiritsa nchito mankhwala oletsedwa ndi kuthiridwa mwazi kuti aonjeze mphamvu. Ndipo mu January 2013 anabvomera yekha pamaso pa anthu. M'buku la opambana, pa zaka 7 zimenezo sipanalembedwe dzina la munthu wina. Malowo ali cabe.

Coipa ca wonyenga sicithera pa iye yekha. Aba tsiku la mnzace, ndipo tsiku lobedwa silibwezedwa. Mu 2006 Floyd Landis anakondwerera cigonjetso ku Paris, koma pambuyo pace analandidwa cifukwa ca mankhwala. Óscar Pereiro wa ku Spain, amene anali waciwiri, analandira malaya acikasu patapita caka ndi miyezi, khamu la ku Paris litabalalika kale. Wonyenga adetsanso cimwemwe ca onse amene anambvinira ndi mtima woona, nasiya cikaiko pa opambana a m'tsogolo, ngakhale iwo osalakwa. Vinyo amene anamwa pa tsiku lija anali weniweni, nyimbo zinali zenizeni. Umboni wokha ndiwo unali wonama, ndipo utagwa umboniwo zonse zinagwa nao.

Kwathu kuno

Tsono tibwere kwathu, abale, pakuti nafenso tiri nao mpikisano wautali, woposa wa ku France. Uyamba mu October ndi kusosa m'munda dzuwa liri kuswa mtengo. Ndime zace ndizo kubzala ndi mvula yoyamba, kupalira, kubandira, kupirira njala ya mu February, kukolola, kutola thonje, kutong'ola cimanga. Ndipo mapeto ace afika pa miyezi yomweyo ya cisanu imene a ku France afika ku Paris: bambo amanga matumba pa njinga kapena pa ngolo, napita ku msika, nalandira ndalama m'dzanja lace. Dzina lolembedwa pa pepala la wogula ndi lace. Iye ndiye wabvala malaya acikasu.

Koma ndani anamchinga ku mphepo? Ndi mai uja anapalira mwana ali kumbuyo, nabwerako kukatunga madzi ndi kuphika. Ndi ana aja anatola thonje mmawa asanapite ku sukulu, ndi mnyamata anaweta ng'ombe zolimira, ndi agogo anaingitsa mbalame ndi apusi. Ndipo si cinsinsi kuti m'midzi yathu alipo amuna amene, akalandira ndalama za zokolola, sabwera kunyumba tsiku lomwelo. Atsalira pa boma kapena pa malo a mowa masiku atatu, nagulira alendo cakumwa, nachedwa bwana. Ena abwerako ndi mbiri ya mkazi watsopano. Pobwera ali nayo sopo mmodzi ndi kathumba ka mcere, ndipo mkazi akafunsa za mtengo wa thonje ayankhidwa ndi ukali. Phwando la munthu wotere ndi umboni wonama. Sanabe ca mlendo ai, koma wanena pamaso pa anthu kuti, Ndinalima ndekha. Ndipo mabvuto a bodza limenelo aoneka mu January, pamene ndalama ya sukulu isowa ndi feteleza sanagulidwe.

Makolo athu sanatero. Pa dima, mwini munda ankafulula thobwa kapena mowa, ndipo yense amene anagwira khasu ankakhala pa mphika. Palibe analima ndime nabwerera kwao ndi kukhosi kouma. Opikisana a ku Ulaya amene agawana mphotho angocita cimene Acewa anacidziwa kale.

Lamulo lomweli ligwira mwana wa ku Chadiza amene watsiriza maphunziro ace ku Lusaka nabvala mkanjo wa ophunzira. Akondwere ndithu, pakuti anawerenga usiku ndi iye. Koma achule amalume amene anagulitsa ng'ombe, ndi mlongo wace amene anatsala pa mudzi kuti ndalama ikwanire mmodzi. Ndipo malipiro ace oyamba adziwe njira ya kumudzi. Ligwiranso iye wothira madzi kapena mcenga m'thonje kuti lilemere, wogula amene sikelo yace iba, ndi wophunzira wogula mayeso asanalembedwe. Onsewa akwera sitima usiku. Akhoza kubvina lero, koma abvina pa tsiku la mnzao.

Ndipo tisaiwale nyali yofiira ya m'mudzi mwathu. Alipo mai wamasiye amene analima yekha ndi khasu, opanda ng'ombe, opanda feteleza, nakolola matumba owerengeka okha. Pa msika palibe amchula. Koma ana ace adya nsima ya m'munda mwao, ndipo palibe ngolo yaduka m'njira. Mai ameneyo asacite manyazi poyang'ana nkhokwe za anzace. Ndipo ife okolola zambiri tisamseke, koma timuitane pa phwando, timkhazike pa mphasa yabwino.

Cifukwa cace, inu amene mudzalandira ndalama za zokolola caka cino, musayambe mwakondwera musanawerenge. Bwererani kunyumba dzuwa lisanalowe. Yalani mphasa, itanani akazi anu ndi ana, muike ndalamazo poyera pamodzi ndi pepala la wogula. Chulani nchito ya yense ndi dzina lace, kuyambira wamkuru kufikira woweta mbuzi. Patulani za sukulu, za mbeu ndi za feteleza, ndi kanthu ka yense amene anagwirako. Mukatero, iphani nkhuku, imbani ng'oma ngati mufuna, ndipo mudye ndi mtima woyera; pakuti cikondwerero cimeneco cidzakhala ca onse amene anauyenda ulendo, ndipo palibe adzabwera m'mbuyo kudzacilanda.